Ludzu Lilibe Chitupa

Loko ndinagula ndine,
pamsika wa Mkanda,
ndi ndalama yotsala ya mtedza.
Ndinamutseka katatu pamaso pa wogulitsa
kuti ndimve mmene amalumira.

Mjigo uli mbali ya kwathu,
mapazi makumi anayi kuchokera pachipilala cha malire,
chija cha simenti, chong'aluka pamwamba,
pamene buluzi amawothera dzuwa
mutu ku Malawi, mchira ku Zambia.

Mlandu unali wa mbuzi.
Zinadya mmera m'dimba la a Gezani usiku umodzi,
ndipo ife amuna tinagwirizana msanga
kuti mbuzi zopanda mwambo chotero n'za uko.
Tinati: akamwe kwawo.
Mawu awiri okha,
koma anatitsekemera m'kamwa ngati nzimbe.

Munali mu Okotobala.
Zitsime za uko zinali zitaphwa, tinkadziwa.
Kiyi ankagona m'thumba la malaya anga
ndipo ndinkayenda ngati munthu wosunga mvula.

Lachisanu m'mamawa, popita kukatsegulira amayi athu,
sindinapeze amayi.
Ndinapeza ana.
A yunifolomu yabuluu, athuwa,
ataima kuyambira pamjigo mpaka pachipilala,
ndipo kuseri kwa chipilala ena, a yobiriwira,
osasiya mpata,
ngati mikanda ya mitundu iwiri m'chingwe chimodzi.
Ena opanda nsapato. Wina akusisima mamina.
Kam'ng'ono kwambiri katagwira kapu.

Patsogolo mwana wanga Lezina,
atanyamula katoni ya sopo yolembedwa ndi makala:
LUDZU LILIBE CHITUPA.
Analemba ndi mlongo wake wa sitandade 2,
chilembo cha Z chitayang'ana kumbuyo.

"Bambo, ife sitiwoloka.
Iwonso sawoloka.
Awoloke ndi madzi okha.
Lamulo lanu silinawatchule."

Ndinafunafuna mawu a ukali aja.
Ndinali nditawasiya kunyumba.

Mjigo unalira, kwiyo kwiyo,
ndowa yoyamba inanyamuka
dzanja ndi dzanja, ikutayikira pa zala za kumapazi,
kukafika kwa Tikambenji wa uko,
wogweluka dzino lakutsogolo,
amene anailandira osadutsa mzere
n'kunena zikomo
m'chinenero chomwe ine ndimapempherera.

Ndowa sizinabwerere zokha.
Ina inadza ndi mango aawisi asanu,
ina ndi mchere wa pakapepala wodyera mangowo,
ina ndi kalata yong'amba m'kope:
"Kwa anzathu a ku Malawi, mpira Loweruka.
Chikulunga tibweretsa ife, inu mukonze magolo."

Belu la kusukulu linalira kawiri, kwathu ndi uko,
palibe anasuntha.
Anadziwa kuti akalandira chibalo chosesa,
anali atagwirizana kale kuti asesa.

Ndiye Lezina anandikoka malaya,
mbali ya thumba la kiyi,
n'kutsitsa mawu kuti anzake asamve:
"Pa mbuzi zija, ija ya khutu lodula inali yathu.
Ndinaiona ikubwerera mbandakucha, pakamwa pali biriwiri.
Ndinkaopa kunena."

Dzuwa linali lisanatenthe
koma thukuta linanditsika kumsana.

Sindinganame kuti zonse zinatha tsiku lomwelo.
A Gezani akadatembenuzabe nkhope
akakumana ndi a Masauso panjira ya kuchigayo.
Ine ndinatenga masabata awiri
kuti miyendo indifikitse pakhomo pawo
ndi lichero la chimanga chambewu,
ndipo pepani ananditsamwa pakhosi
asanatuluke.

Mpira unaseweredwa.
Anatichinya zinayi kwa chimodzi.
Ana athu anabwera akuimba ngati apambana,
mawondo atasupuka, matumba odzaza mango.

Katoni ija inanyowa ndi mvula yoyamba,
makala anasungunuka, anatsala mawu apakati okha:
LILIBE.
Sindinaitaye. Ili pamwamba pa kabati.

Loko alipo, akuluma bwinobwino.
Ali pachitseko cha khola la mbuzi zanga,
pamene anayenera kukhala
kuyambira pachiyambi.